Kalumo ka Mlendo: Dokotala wa Boma ndi Odwala Ake m'Mabuku a Peter Godwin

Mawu otsogolera

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu timaunena poyamikira munthu wobwera amene wamasula mfundo yomwe idakanika eni mudzi. Koma kalumo kali ndi ntchito zambiri pamudzi: kamameta pamaliro, kamatema mphini, kamadula mchombo wa khanda, ndipo kakagwidwa molakwika kamavulaza. M'mbiri ya maiko athu, mlendo amene mwambiwu umamukhudza kwambiri ndi dokotala wachizungu wa pa boma laling'ono m'nthawi ya atsamunda. Iyeyu ankachokera kutsidya kwa nyanja n'kupatsidwa mphamvu imene ngakhale mfumu ya ndodo idalibe, mphamvu yotsegula thupi la munthu, wamoyo ngakhale wakufa.

M'nkhani ino tiunika momwe moyo wa dokotala mmodzi wotere udalembedwera. Dokotalayo ndi Helen Godwin, mayi wa ku England amene m'zaka za m'ma 1960 adali dokotala wa boma ku Melsetter, dera loyandikana ndi minda ya tiyi ya ku Chipinge, kum'mawa kwa dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Amene adalemba za iye ndi mwana wake, Peter Godwin, m'buku la Mukiwa la mu 1996, lomwe lidalandira mphoto ya Orwell mu 1997, ndi m'buku la When a Crocodile Eats the Sun la mu 2006. Anthu ambiri amawerenga mabukuwa ngati mbiri ya mzungu wobadwira mu Africa, ya nkhondo ya ufulu ndi ya ulamuliro wa Robert Mugabe. Ife tiwawerenga ngati mbiri ya dokotala. Mfundo yathu ndi yakuti Godwin adatipatsa dokotala wokhulupirika, wooneka ngati munthu weniweni, wosiyana ndi ngwazi za m'mabuku a amishoni. Komabe njira imene adasankha pofotokoza, yoonera zonse m'maso a mwana, imachititsa kuti anthu amene kalumoko kadawakhudza atsale ngati matupi opanda mbiri. Nkhaniyi ikutikhudza ife olankhula Chichewa chifukwa ambiri mwa ogwira ntchito m'minda ya kumapiri amenewo adali abale athu.

Mapiri, tiyi ndi machona

Kum'mawa kwa Zimbabwe, m'malire ndi Mozambique, kuli mtandadza wa mapiri woyambira ku Nyanga mpaka ku Chipinge. Chakumpoto, kunsi kwa phiri la Nyangani, kuli chigwa cha Honde, chotentha ndiponso cha mvula yambiri, kumene minda ikuluikulu ya tiyi monga Aberfoyle idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950. Chakummwera tiyi adayamba kale. Mu 1924 adabzalidwa pa munda wa New Year's Gift, kufupi ndi mtsinje wa Tanganda, ndipo dzina la mtsinjewo ndilo lidasanduka dzina la kampani ya tiyi ya ku Chipinge. Pakati pa madera awiriwa, moyandikira Chipinge, pali boma la Melsetter, lomwe lero limatchedwa Chimanimani, dziko la mitengo ya paini ndi ya wattle. Munthu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo atafika kumeneko sangadabwe kwambiri, pakuti nkhungu yake ndi yomweyo, mizere ya tiyi ndi yomweyo, ndipo dengu lakumsana limalemera chimodzimodzi.

Minda imeneyi inkafuna manja ambiri. Ena mwa antchito adali Andau ndi Amanyika, eni nthaka imene idalandidwa. Ena ankadutsa malire kuchokera ku Mozambique. Enanso ankachokera ku Nyasaland, poyenda pansi kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi, kapena potengedwa ndi Mthandizi. Kumeneko ankatchedwa Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Dedza kapena ku Mangochi. Kuno kwathu amene sadabwerere timawatcha machona. Zipatala zidali zochepa ndi zotalikirana. Ku Mount Selinda, kummwera kwa Chipinge, amishoni a ku America adafika mu 1893 ali ndi dokotala wawo, W. L. Thompson. Zipatala za boma zidali zogawanika, cha azungu pachokha, cha anthu akuda pachokha. M'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, zaumoyo za maiko atatu zidali pansi pa unduna umodzi, kotero kuti dokotala wa boma ku Melsetter ndi mnzake wa ku Mulanje ankamvera bwana mmodzi.

Banja la a Godwin linkakhala ku Silverstream, kumene bambo ankayang'anira fakitale yophika makungwa a wattle, omwe amatulutsa mankhwala ofufutira zikopa. Mayi sadali katswiri wa opaleshoni monga a m'zipatala zazikulu za ku Salisbury. Adali dokotala wa chilichonse, monga momwe amakhalira dokotala amene ali yekha m'dera lalikulu: kusoka mabala, kuthandiza amayi pobereka, kupereka katemera ndi kupima mitembo. Woŵerenga watcheru aona msanga kuti m'nyumba imodzi mudali woyang'anira ntchito ndi woyang'anira matupi a ogwira ntchitoyo.

Dokotala monga ngwazi: mabuku amene adatsogola

Kuti timvetse chimene Godwin adachita, tiyenera kukumbukira mtundu wa mabuku amene adalipo kale. Ku Malawi timawadziwa bwino. Mu 1876, ku Cape Maclear, Robert Laws adachita opaleshoni atagonetsa wodwala ndi mankhwala a chloroform, ndipo nkhaniyi idafala ngati chozizwitsa cha munthu amene wafa n'kuuka. Buku la W. P. Livingstone la mu 1921, Laws of Livingstonia, lidamuika Laws pamwamba ngati kholo la chitukuko. Mu 1891, ku Blantyre, John Bowie adamwalira ndi matenda a diphtheria atayamwa paipi imene adaiika pakhosi pa mwana wa mlongo wake pofuna kumupulumutsa, ndipo chaka chotsatira William Robertson adamulemba m'buku la The Martyrs of Blantyre. Anthu amenewa adagwiradi ntchito yaikulu, ndipo sitikuwanyoza. Chimene tikuunika ndi kalembedwe. M'mabuku otere dokotala ndiye mwininkhani yekhayo, dziko lonse ndi wodi ya odwala, ndipo wodwala amabwera kudzatsimikiza luso ndi chifundo cha mlendo, n'kuchoka. Megan Vaughan, m'buku lake la mu 1991, Curing Their Ills, adasonyeza momwe zolemba za madokotala a mishoni zidathandizira kujambula Africa ngati dziko lodwala loyembekeza mpulumutsi.

Mukiwa sililowa m'mzere umenewu mosavuta, ndipo apa mpamene pali mphamvu yake yoyamba. Dokotala wa Godwin salalikira, sachita zozizwitsa, ndipo mlembi samuveka nkhata ya maluwa. Ndi mayi wotanganidwa, wolankhula mwachindunji, amene ntchito yake yambiri ndi yobwerezabwereza ndi yotopetsa. Amayenda misewu yafumbi, amafika pa zipatala zing'onozing'ono, amaona mzere wa anthu, amabwerera kunyumba. Mlembi akumuona kuchokera pansi, monga mwana aonera mayi ake, choncho ulemu umene akumupatsa ndi wa pakhomo, wosakanikirana ndi nthabwala ndi kudandaula. Kwa ife amene tidazolowera madokotala a m'mabuku okhala ngati angelo, ichi n'chotsitsimula.

Maso a mwana

Buku la Mukiwa lili ndi zigawo zitatu: ubwana kumapiri a kum'mawa, nthawi imene mlembi adali wapolisi pa nkhondo ku Matabeleland, ndi kubwerera kwake monga loya ndi mtolankhani dziko litalandira ufulu. Dokotala amaoneka kwambiri m'chigawo choyamba, chomwe chidalembedwa m'mawu ndi m'maganizo a kamnyamata. Ziganizo zake ndi zazifupi, kulingalira kwake ndi kwachibwana, ndipo zinthu zoopsa zimanenedwa ngati zamasiku onse. Mwanayu amatsagana ndi amayi ake kuntchito. Pa katemera amathandiza kugawa timibulu ta shuga todonthezedwa mankhwala a poliyo. Amapitanso kumene amayi ake akukapima mitembo, nthawi zina yofukulidwa kumanda, ndipo amakula akuidziwa imfa kuposa ana anzake.

Luso limeneli lili ndi phindu lake. Mwana sabisa fungo, ntchentche kapena mantha, choncho ntchito ya dokotala wa kumudzi imaoneka monga momwe ilili, yopanda ulemerero. Mwana amaonanso zinthu zimene akuluakulu adaleka kuziona chifukwa chozizolowera. Akatchula kuti azungu ndi anthu akuda amathandizidwa mosiyana, amatchula ngati mmene angatchulire mtundu wa mtengo, ndipo woŵerenga ndiye amachita manyazi m'malo mwake. Kuseri kwa mawu a mwanayo kuli munthu wamkulu amene akudziwa zonse, ndipo mpata umene uli pakati pa awiriwa ndiwo umabala nthabwala zowawa za bukuli.

Koma luso lomweli lili ndi mtengo wake. Mwana amaona, koma alibe udindo wofunsa, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Ashleigh Harris, m'buku la Versions of Zimbabwe la mu 2005 lomwe adakonza Robert Muponde ndi Ranka Primorac, adaunika momwe alembi achizungu a ku Zimbabwe, monga Godwin ndi Alexandra Fuller, amagwiritsira ntchito ubwana pofuna kudzitsimikizira kuti nawonso ndi eni dziko. Ife tikuwonjezera kuti kusalakwa kwa mwanayo kumaphimbanso amayi ake. Funso lakuti dokotalayu ankaganiza chiyani za dongosolo limene ankalitumikira silingafunsidwe ndi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mlembi wamkuluyo salifunsa mozama.

Tiyeni tikhalitse pa nkhani ya mitembo, chifukwa m'mitu yoyambirira mpeni umene umatsalira m'maganizo mwa woŵerenga ndi wopimira akufa. Kwa mwanayo, kupima mtembo ndi ulendo wodabwitsa. Kwa dokotala ndi ntchito yofuna yankho: munthuyu wafa ndi chiyani? Nanga kwa eni maliro? Mwa ife, monganso mwa Andau, mtembo uli ndi eni ake. Pali oyenera kuukhudza ndi osayenera, pali adzukulu, pali mawu onenedwa ndi miyambo yotsatidwa. Kufukula munthu amene adaikidwa kale, n'kumutsegula pamaso pa alendo, ndi nkhani imene mudzi ungaikambe kwa mibadwo. M'bukuli, tikawaona eni maliro, timawaona kuchokera pamene mwanayo waima, pambali pa amayi ake ndi apolisi. Zimene iwo adakambirana usiku umenewo pabwalo sitizimva. Komatu zokambirana zoterozo zili ndi mbiri yake. Luise White, m'buku la Speaking with Vampires la mu 2000, adasonyeza kuti mphekesera za anthu opopa magazi m'maiko a kuno zidali njira imene anthu ankafotokozera mantha awo pa ntchito, pa boma ndi pa chipatala cha atsamunda. Ife tidaona mphekesera za anamapopa zikubukanso mu 2002 ndi mu 2017, ndipo mu 2017 zidakula m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu kuphedwa. Buku lonena za dokotala wa kuminda limene silimva mbali imeneyi lafotokoza theka la nkhani.

Dokotala ndi boma

Mukiwa limayamba ndi imfa. Pa 4 Julayi 1964, Pieter Oberholzer, wogwira ntchito pa fakitale ya ku Silverstream ndiponso mnansi wa a Godwin, adaphedwa pamsewu ndi kagulu ka ZANU kotchedwa Crocodile Gang, kotsogozedwa ndi William Ndangana. M'bukuli dokotala ali pamalopo mwa udindo wake, ndipo mwana wake akuonerera. Awiri mwa a m'kaguluko, James Dhlamini ndi Victor Mlambo, adanyongedwa pa 6 Malichi 1968 ngakhale Mfumukazi ya ku Britain idali itawakhululukira, chifukwa boma la Ian Smith lidali litadzilengeza lodziimira palokha mu 1965.

Kuyamba bukuli motere n'kwanzeru, chifukwa kumatisonyeza nthawi yomweyo nkhope ziwiri za ntchito ya dokotala wa boma. Iye ndi wochiritsa, komanso ndi mboni ya boma. Zimene walemba atapima mtembo zimapita kupolisi ndi kubwalo la milandu. Dzanja limene m'mawa lapereka shuga wa poliyo kwa mwana wa m'komboni ndi lomwelo limene madzulo lisaina chikalata cha boma lomwe lidalanda nthaka ya makolo a mwanayo. Frantz Fanon, yemwenso adali dokotala, adalemba mu 1959 za Algeria kuti munthu wolamulidwa ndi atsamunda amavutika kusiyanitsa dokotala ndi wapolisi kapena msilikali, popeza onse adabwera pamodzi. Godwin akutionetsa chithunzi chimenechi momveka bwino, mwina kuposa momwe iye mwini adafunira. Sitikunena kuti dokotalayu adali munthu woipa. Tikunena kuti ubwino wa munthu sufafaniza malo amene waimapo, ndipo buku labwino la mbiri ya dokotala liyenera kusenza zonse ziwiri.

Imfa ya Oberholzer yakambidwa kwambiri. Godwin mwini adachenjeza kumayambiriro kwa buku lake kuti akulemba zimene akukumbukira ndipo mayina ena adawasintha. Mu 1997 Terence Ranger adalemba m'magazini ya History in Africa nkhani yoyerekeza momwe anthu osiyanasiyana, kuphatikizapo Godwin, adakumbukirira imfayi. Motero munthu mmodziyu ali ndi dzina, tsiku, banja ndi akatswiri okangana za iye. Tiyerekeze ndi zimene zidachitika m'chigwa cha Honde mu Disembala 1976, pamene amuna 27 ogwira ntchito pa munda wa tiyi adasonkhanitsidwa usiku n'kuwomberedwa. Boma la Rhodesia lidati adawapha ndi asilikali a ZANLA, pamene omenyera ufulu adaloza chala asilikali a boma. M'mabuku a mbiri ya nkhondoyi anthu amenewa amatchulidwa ndi nambala. Sitikuti Godwin adayenera kulemba za Honde, pakuti iye adalemba zimene adaona. Ndiponso sitingamunene kuti imfa za anthu akuda sizinkamukhudza, popeza mu 1984 adaika moyo wake pachiswe poulula za kuphedwa kwa anthu ku Matabeleland. Chimene tikuloza ndi chizolowezi cha zolembedwa za dera lonseli: wogwira ntchito m'munda amalowa m'buku ngati wodwala, ngati mtembo kapena ngati chiŵerengero.

Mutu umodzi susenza denga

Dokotala amene ali yekha m'boma lonse sakhala yekha m'chipinda cha opaleshoni. Pamakhala woŵiritsa zipangizo, wogwira nyali, wotanthauzira mawu a wodwala, wotsuka bala m'mawa mwake, ndi namwino amene amagona pa chipatala dokotala atapita kunyumba. Pa zipatala zing'onozing'ono zimene dokotala amangoziyendera, anthu amenewa ndiwo chipatala chenichenicho masiku ena onse. M'buku la Mukiwa anthu akuda a pafupi ndi banjali alimo, ndipo ena alembedwa mwachikondi. Violet, mlezi wa mwanayu, amamutengera ngakhale ku mapemphero a Apostoli, ndipo Knighty ndi wophika. Koma amabwera ndi dzina limodzi, monga momwe mwana wa bwana ankawadziwira, opanda mfunda, ndipo moyo wawo umathera pamene maso a mwanayo athera. Othandiza pa chipatala nawonso timawaona dokotala akafika, ndipo akachoka nsalu imatsekeka.

Kuti tione kukula kwa chimene chasowa, tikumbukire anthu awiri. Woyamba ndi John Gray Kufa, amene adaphunzira ntchito ya chipatala ku mishoni ya Blantyre m'nthawi ya Dokotala Neil Macvicar, n'kukhala mmodzi mwa othandiza madokotala oyamba achikuda m'dziko muno. Mu 1915 adaphedwa ndi boma chifukwa chogwirizana ndi John Chilembwe. Munthu amene adadziwa mpeni wa chipatala kuchokera mkati adafika poona kuti luso lake silimupatsa ulemu m'dziko lakwawo. Wachiwiri ndi Tichafa Samuel Parirenyatwa, dokotala woyamba wachikuda wa ku Southern Rhodesia, amene adamaliza maphunziro ku yunivesite ya Witwatersrand mu 1957. Nayenso adali dokotala wa boma pa malo aang'ono, pa chipatala cha ku Antelope ku Matabeleland, asadalowe ndale ndi kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa ZAPU. Adamwalira mu Ogasiti 1962 pa imfa imene boma lidati ndi ngozi ya galimoto ndi sitima, koma ambiri amakhulupirira kuti adaphedwa. N'zochititsa chidwi kuti mayina awiri a moyo wake amapezeka m'mabuku a Godwin mwa njira ina. Mgodi wa Antelope ndi kumene Godwin adalemba kuti kunkatayidwa mitembo m'nthawi ya Gukurahundi, ndipo chipatala cha Parirenyatwa ku Harare ndi kumene amayi ake adagwirako ntchito atakalamba. Moyo wa dokotala wachikudayo ukadatha kukhala buku lamphamvu ngati Mukiwa, koma ambiri amaudziwa ngati dzina la pa chipata.

Nkhaniyi si yakale yokha. Ku Malawi, maopaleshoni ambiri a amayi obereka m'zipatala za m'maboma amachitidwa ndi ma clinical officer. Ku Mozambique, madokotala ambiri Achipwitikizi atachoka pa nthawi ya ufulu, boma lidayamba mu 1984 kuphunzitsa othandiza madokotala kuchita opaleshoni m'zipatala za kumidzi. Amene wagwira kalumo pa boma laling'ono lero kawirikawiri ndi mwana wa m'mudzi momwemo, mdzukulu pa ntchito wa anthu aja amene ankagwira nyali. Zolembedwa zathu sizidamupeze.

Dokotala akakalamba

Buku lachiwiri, When a Crocodile Eats the Sun, likufotokoza zaka za 1996 mpaka 2004, ndipo wofotokoza tsopano ndi munthu wamkulu wokhala ku America amene amabwera kudzaona makolo ake ku Harare. Pano chithunzi cha dokotala chimazama. Mayi amene adataya mwana wake wamkazi, Jain, mu 1978, atagwera mu msampha wa asilikali a Rhodesia, sadachoke m'dziko pamene azungu ambiri ankachoka. Adapitiriza kugwira ntchito m'chipatala cha boma la anthu akuda, m'zaka zimene Edzi inkatha anthu ndipo mankhwala ankasowa. Ichi ndi chimene chimayankha, mwa zochita, funso limene mwana wa m'buku loyamba sadathe kufunsa. Kukhulupirika kwake kudali pa odwala, ndipo kudapitirira boma limene lidamulemba ntchito poyamba. Kenaka ukalamba umafika, ndalama ya penshoni imasungunuka ndi kukwera kwa mitengo, mwamuna wake amadwala mpaka kumwalira mu 2004, ndipo wochiritsa uja amasanduka wofuna kuthandizidwa. Masamba amenewa ndi ena mwa abwino kwambiri amene Godwin adalemba. Buku lake la mu 2024, Exit Wounds, likutsatira mayiyu mpaka masiku ake omaliza ku London.

Komabe ngakhale pano kulemera kwa nkhani kwapendekera mbali imodzi. Mlembi atatulukira kuti bambo ake adali Myuda wa ku Poland amene abale ake adaphedwa ndi chipani cha Nazi, amayamba kuona azungu a ku Zimbabwe ngati anthu osatetezeka m'dziko limene ankaliyesa lawo. Mantha amenewo ndi oona kwa iye. Koma anthu amene adataya zambiri minda italandidwa kuyambira mu 2000 adali antchito a m'mafamu, omwe adataya ntchito, nyumba, sukulu ndi kachipatala ka pafamu nthawi imodzi. Ambiri adali ana ndi adzukulu a machona a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri a iwo adasanduka alendo m'dziko limene adabadwiramo, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Mzungu wokalamba adali ndi mwana ku New York woti amulembere buku ndi pasipoti yoti imutulutse. Mdzukulu wa mchona adalibe mudzi wobwererako ku Zimbabwe, ndipo ku Malawi sankadziwako njira.

Mawu omaliza

Kodi dokotala wa pa boma laling'ono amasiya chiyani? Sasiya nyumba zazitali kapena mabuku a sayansi. Cholowa chake chimayenda m'matupi a anthu: mwendo umene sudadulidwe, mwana amene adabadwa wamoyo, chipsera cha katemera wa nthomba paphewa la agogo. Nthomba idalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980 chifukwa cha ntchito yobwerezabwereza ngati imene Mukiwa likufotokoza. Poliyo, amene ankaoneka kuti wagonja mu Africa mu 2020, adapezekanso ku Lilongwe ndi ku Tete mu 2022, kusonyeza kuti cholowa chotere chimafuna kulimiridwa chaka ndi chaka. Chilankhulo chathu chidaimvetsa kale ntchito imeneyi m'njira yakeyake. Liwu lakuti katemera lidachokera ku kutema, ntchito ya sing'anga wotema mphini. Makolo athu adalandira kalumo ka mlendo pokapatsa dzina la kalumo kawo, ndipo m'liwu limodzili muli mbiri ya kukayika, kuyerekeza ndi kuvomera imene mabuku a Godwin sakuifikira.

Taona kuti Godwin adapambana pochotsa dokotala pa guwa la ngwazi ndi kumuika pamsewu wafumbi, ndiponso potionetsa kuti wochiritsa ndi mboni ya boma adali munthu mmodzi. Taonanso kuti maso a mwana, omwe ndi mphamvu ya buku loyamba, ndiwonso malire ake. Mabukuwa ayenera kuŵerengedwa m'makalasi athu a zolembedwa pamodzi ndi mbiri ya machona, kuti ophunzira azifunsa pa tsamba lililonse kuti wagona pa tebuloyo ndani, kwawo n'kuti, ndipo wagwira nyali ndani. Mbali yotsalayo sitingayembekeze kuti atilembere Godwin. Ku Hauna m'chigwa cha Honde, m'makomboni a ku Chipinge, ndiponso m'midzi ya ku Ntcheu, Dedza ndi Mulanje kumene ena adabwerera, kukadali okalamba amene adagonapo m'zipatala za kuminda, ndi anamwino opuma ntchito amene amakumbukira usiku umene dokotala kudalibe. Ambiri a iwo amalankhula Chichewa, ndipo zaka zawo zapita. Ophunzira amene akufuna mutu wa kafukufuku kapena wa buku la nthano ayambe ndi iwo.